Ulendo wa ku Durban July ndi anzanu: mafunso ndi mayankho

Loweruka loyamba la mwezi wa Julaye, pabwalo la Greyville mumzinda wa Durban pamachitika mpikisano wa akavalo wotchuka kuposa wina uliwonse ku South Africa. Pa zaka zabwino pamasonkhana anthu pafupifupi 50,000, ndipo ambiri mwa iwo sabwera okha. Amabwera m'magulumagulu: a ntchito imodzi, a sukulu imodzi, a chipereganyu chimodzi. Ngati gulu lanu la ku Johannesburg, Pretoria kapena Blantyre lakhala likunong'onezana zoti ulendo uno ndiye tipite, nawa mafunso amene amabuka, ena musananyamuke, ena mutafika kale.

Kodi Durban July n'chiyani kwenikweni?

Ndi mpikisano umodzi wa akavalo, wa mamita 2,200, wothamangira pa kapinga, umene sukwana ndi mphindi ziwiri ndi theka zomwe. Unayamba mu 1897, ndipo kavalo woyamba kupambana anali Campanajo, pa mtunda wa mamita 1,600 wa nthawi imeneyo. Mtunda wa lerowu unakhazikitsidwa mu 1970. Akavalo othamanga sapitirira 18. Dzina lakutsogolo limasintha malinga ndi kampani yothandiza: achikulire amakumbukira Rothmans, kenako panabwera Vodacom, ndipo kuyambira 2022 ndi Hollywoodbets, imene chaka chimenecho inaika mphoto pa R5 miliyoni. Tsikulo pamakhala mipikisano 12, koma waukuluwo umachitika cha m'ma 4 koloko madzulo. Zovala, nyimbo, matenti ndi maphwando zinachita kubwera pambuyo. Mu 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, zonsezi kunalibe, bwalo linali lopanda oonerera, koma akavalo anathamangabe.

Palibe wa ife amene amadziwa za akavalo. Tipite ndithu?

Pitani. Simudzakhala nokha osadziwa. Ochuluka m'khamulo amabwerera kwawo asanaone ndi mchira wa kavalo womwe. Koma inu musatengere zimenezo. Kuyenda makilomita mazanamazana, kulipira chipinda chodula, n'kukathera tsiku lonse mkati mwa tenti mukumvera nyimbo zomwe zimalira kwanuko Loweruka lililonse, n'kutaya ndalama.

Tiyambe liti kukonzekera?

Febuluwale kapena Malichi. Tsiku lake simufunika kudikira kuti alengeze, kalendala ikukuuzani kale. Choyamba kugwira ndi malo ogona, chifukwa sabata imeneyi imagwera m'tchuthi cha sukulu, pamene mabanja a kumtunda amakhala atathawira chisanu kunyanja. Mitengo ya zipinda ndi ndege imakwera tsiku likamayandikira. Nkhani ya zovala, imene gulu lililonse limathamangira kuiyamba, ikhoza kudikira.

Nanga ndalama tisonkhe bwanji?

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse. Anthu salimbirana kavalo, amalimbirana bilu. Gawani ndalama m'matumba atatu ndipo asasakanikirane. Loyamba ndi la ulendo: malo ogona, mafuta, zipata zolipirira pamsewu ndi matikiti olowera. M'menemu aliyense aponye mofanana mwezi ndi mwezi, ndipo litsekedwe Meyi asanathe. Lachiwiri ndi la pakamwa, ndipo langizo langa ndi loti aliyense asunge lake. Munthu womwa Fanta asamalipirire botolo lodula limene anzake aitanitsa pofuna kuti a patebulo lina awaone. Lachitatu ndi la kubetcha, tilifika kutsogoloku.

M'gulu lililonse muli wolandira zambiri ndi wolandira zochepa, ndipo wochepayo sanena, amangoti "tiona". Ulendo uyezedwe pa thumba lake. Amene akufuna hotela yoyang'ana kunyanja awonjezere yekha, osati kukokera anzake m'ngongole.

Sankhani msungichuma mmodzi. Asakhale uja wokonda kubetcha, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, musamuike m'mayesero. Lisiti lililonse alijambule n'kuliponya pa WhatsApp tsiku lomwelo. Ndipo mawu aja akuti "ndilipirireniko kaye, ndikubwezerani pakutha pa mwezi" akanidwe poyera kudakali kutali, chifukwa Loweruka lija, nonse mutatchena, palibe adzalimbe mtima kuwakana.

Wina akasintha maganizo kutatsala sabata imodzi?

Zimene zalipiridwa kale sizibwerera, pokhapokha atapeza wolowa m'malo mwake amene gulu lamuvomera. Maliro ndi matenda n'zina. Pamenepo umunthu ulamule. Mfundoyi ilembedwe tsiku loyamba, pamene aliyense akuseka.

Kuchokera ku Johannesburg tiyende pa chiyani?

Msewu wa N3 ndi wa makilomita pafupifupi 570, maola 6 ngati kutsogolo kuli koyera. Lachisanu la sabata imeneyi sikuyera. Zipata zazikulu zolipirira ndi zisanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill. Anthu anayi kapena asanu m'galimoto imodzi ndiye njira yosaboola m'thumba, bola oyendetsa akhale awiri. Pali malo awiri ofuna munthu wogalamuka pa chiwongolero: Van Reenen, mukangodutsa Harrismith, pamene msewu umatsika phiri pakati pa nkhungu ndi mathiraki, ndi chitsikitsiki cha Town Hill polowa mu Pietermaritzburg. Mu Sepitembala 2024 chipale chofewa chinatseka msewuwu cha ku Van Reenen komweko, anthu n'kuchezera usiku wonse m'magalimoto. Julaye ndi pakati pa chisanu, choncho bulangete ndi madzi akumwa zisatsale. Nyamukani m'mbandakucha, kapena ngati abwana alola, Lachinayi.

Ndege imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, n'kutera pa King Shaka, makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda. Mabasi amanyamukira pa Park Station. Gulu loposa anthu 10 liganizire zochita hayala minibasi ndi dalaivala wake.

Nanga ochokera ku Malawi?

Basi ya ku Blantyre imadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo nthawi yofikira imalamulidwa ndi mizere ya pamalire, osati dalaivala. Werengerani masiku awiri mpaka ku Johannesburg, kenako lina lotsikira ku Durban. Wonyamuka Lachinayi waika tikiti yake pachiswe. Pasipoti ya Malawi imalola kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza, ndipo wopyola masikuwo amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo. Amene mapepala ake sali bwino adziwiretu kuti sabata imeneyi apolisi amachuluka pamsewu ndi mumzinda momwe.

Tikagone kuti?

Greyville ili m'munsi mwa chitunda cha Berea, pafupi ndi pakati pa mzinda. Madera a Morningside, Musgrave ndi Berea ndiwo oyandikira, ndipo msewu wa Florida Road, wodzaza ndi malo odyera, uli komweko. Mahotela a m'mphepete mwa nyanja ali pa mtunda wa makilomita ochepa. Umhlanga n'kokongola, koma n'kodula ndipo n'kutali mukamabwerera usiku.

Kutenga nyumba imodzi nonse kumatsika mtengo kuposa zipinda za kuhotela. Musanalipire, funsani kuchuluka kwa mabafa, osati kwa mabedi okha. Anthu 8 ofuna kutchena nthawi imodzi, bafa limodzi, ayironi imodzi, adzafika pabwalo mipikisano inayi itatha, ena asakulankhulana. Ndipo musatumize ndalama kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook ali ndi zithunzi za nyumba yokongola pa mtengo wachifundo. Sabata imeneyi nyumba zabodza zimachuluka.

Tigule tikiti yanji?

Pali tikiti wamba yongolowera pabwalo, ndipo pali ya m'matenti ndi m'zipinda zapadera imene imafika pa masauzande a marandi munthu mmodzi. Musanalipire ya m'tenti funsani zinthu ziwiri: kodi chakudya ndi zakumwa zili momwemo, nanga kuchokera m'tentimo akavalo amaoneka? Matenti ena ali poti mpikisano mumauonera pa kanema. Kwa gulu lopita koyamba, tikiti wamba ndi yokwanira, malinga mulawirire. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka okha. Tikiti ya pafoni munthu wachinyengo angathe kuigulitsa kwa anthu asanu, ndipo wolowa ndi woyamba kufika pachipata.

Ana tingawatenge?

Ayi. Tsikuli osakwana zaka 18 saloledwa kulowa.

Tivale chiyani?

Chaka chilichonse okonza amalengeza mutu wa zovala, ndipo akatswiri osoka amapikisana potsata mutuwo. Inu simukakamizidwa. Suti yoyera bwino kapena chitenje chodutsa m'manja mwa telala wodziwa ntchito sichichititsa manyazi pa Greyville. Telalayo mumupatse nsalu mu Meyi, osati sabata yomaliza. Tonse tikudziwa tanthauzo la "bwerani mawa". Gogoda imamira mu kapinga, choncho nsapato zafulati zikhale m'chikwama. Masana ku Durban kumafunda ngakhale m'chisanu, koma dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko ndipo kamphepo ka kunyanja kamayamba pomwepo. Jekete musaisiye.

Kubetcha kumayenda bwanji?

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya obetchetsa amene amakupatsani mtengo wokhazikika. Akalemba 10-1 ndiye kuti mukaika R20, kavaloyo n'kupambana, mulandira R200 n'kubwezeredwanso R20 yanu. Yachiwiri ndi tote, imene ili ngati mphika umodzi: onse amaponyamo, eni bwalo amapatulapo gawo lawo, zotsalazo n'kugawira amene alondola. Apa simudziwiratu chimene mulandire. Olondola akachuluka, gawo la aliyense limachepa.

Mayina a kabetchedwe muwapeza pazenera lobetchera. Win ndi kusankha wopambana. Place ndi kusankha kavalo woti athere m'gulu la oyambirira. Funsani kuti pa mpikisanowo akulipira mpaka nambala yanji. Swinger ndi akavalo awiri oti onse apezeke mwa atatu oyamba. Exacta, trifecta ndi quartet ndi kulondola awiri, atatu kapena anayi oyamba m'ndondomeko yake. Pick 6 ndi kulondola opambana m'mipikisano 6 yotsatizana. Pazenera nenani nambala ya mpikisano, mtundu wa beti, ndalama ndi nambala ya kavalo, osati dzina lake, ndipo tikitiyo muiwerenge musanachoke.

Quartet ndi imene imakopa anthu chifukwa mphika wake pa July umakula kwambiri. Koma werengani: akavalo 18 angathe kudzaza malo anayi oyambawo m'njira 73,440. Mukasankha akavalo 6 kuti abwere m'ndondomeko iliyonse, mwagula njira 360 zokha. Wobetcha koyamba akhale pa win, place ndi swinger.

Tibetche ngati gulu kapena aliyense payekha?

Zonse ziwiri, koma kathumba ka gulu kakhale kakang'ono. Aliyense wofuna aponye ndalama yofanana m'mawa, mwachitsanzo R100. Tikiti ikangogulidwa ijambulidwe, onse aione mpikisano usanayambe, ndipo mugwirizaniretu kuti zopambana mugawana kapena mudyera limodzi. Amene sanaponye alibe gawo, ngakhale dzina la kavaloyo analitchula ndi iye. Nkhani imeneyi yadanitsapo anthu.

Ya payekha, tapani ndalama imene mwakonzeka kuitaya, muiike m'thumba lina, ikatha yatha. Muitenge ngati mtengo wa chisangalalo, monga tikiti yolowera. Musabwereke, musabwereketse, ndipo musathamangitse zimene mwaluza powirikiza pa mpikisano wotsatira. Mukapambana, tengani n'kusunga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kavalo wabwino timamudziwa bwanji?

Choyamba dziwani kuti July anaukonza dala kuti uvute kulosera. Akavalo sanyamula katundu wofanana. Amene wakhala akuchita bwino amamusenzetsa zolemera, kuwerengera wokwera, chishalo ndi timapale ta mtovu toika m'nsalu ya pansi pa chishalo. Ocheperako mphamvu amawapeputsira. Cholinga n'choti onse akafike kumapeto ali khosi ndi khosi. N'chifukwa chake kavalo wotchuka kwambiri sakhala ndi chitsimikizo.

Gulani kabuku ka mipikisano pachipata. Mmenemo muona kulemera kwa aliyense, wokwera, womuphunzitsa, malo amene anathera m'mipikisano yapitayi, ndi khomo loyambira. Khomo lamkati limafupikitsa njira, chifukwa bwalo la Greyville ndi lokhota ndipo chigawo chowongoka chomalizira n'chachifupi. Wa kunja amazungulira patali kapena kutsekerezedwa kumbuyo. Komabe mu 2021 Kommetdieding anayambira khomo la 18, lakunja kwenikweni, n'kupambana.

Kenako pitani pamalo amene akavalo amawayendetsa asanalowe m'bwalo. Onani ubweya wonyezimira, mayendedwe omasuka, makutu otchera. Kavalo amene watuluka thovu la thukuta asanathamange n'komwe ndiye kuti mphamvu zikuthera m'mantha. Sizitsimikiza kanthu, koma n'zokoma kuposa kusankha chifukwa cha mtundu wa malaya a wokwera, ngakhale kunena zoona a malayawo nawonso amapambana.

Mnzathu wina akuti ali ndi munthu wamkati amene wamuuza kavalo wopambana. Timukhulupirire?

Ayi. Sabata ya July aliyense amakhala ndi msuweni wogwira ntchito kukhola. Akanadziwadi sakanauza gulu lonse, chifukwa obetcha akachuluka mtengo umatsika. Wofuna kuti mumulipire kaye asanakuuzeni dzinalo ndi wakuba.

Ena mwa ife satchova juga ndipo samwa, chifukwa cha chipembedzo. Adzasangalala?

Adzasangalala ngati anzawo sawavutitsa. Kulowa pabwalo sikukakamiza munthu kubetcha. Akavalo, zovala ndi chakudya n'zokwanira tsiku. Musawaike m'kathumba ka beti mowanyengerera, ndiponso musawasandutse madalaivala a gulu osawapempha.

Tikakhala ndi odziwa, tingakambeko nkhani ziti?

Yambani ndi Sea Cottage. Mu Juni 1966, kutatsala masabata atatu kuti July achitike, kavaloyu, amene aliyense ankati apambana, anawomberedwa ndi mfuti cha ku Blue Lagoon akupita kokachita masewera m'mphepete mwa nyanja. Chipolopolo chinakhazikika m'thako ndipo madokotala anachisiya momwemo. Wowomberayo anagwidwa n'kumangidwa. Sea Cottage anathamangabe, n'kuthera pa nambala 4. Chaka chotsatira, 1967, anabweranso atasenza makilogalamu oposa 12 kuposa Jollify, ndipo awiriwa anafika pamzere nthawi imodzi, n'kugawana chipambano. Womuphunzitsa, Syd Laird, anapambana July maulendo 7. Kufika pamodzi kotereku kunachitikanso mu 2008 pakati pa Pocket Power ndi Dancer's Daughter.

Mu 2013 S'manga Khumalo, mnyamata wa ku KwaMashu mu Durban momwemo, anakhala wokwera wachikuda woyamba kupambana mpikisanowu, ali pa Heavy Metal. Anabwerezanso mu 2022 pa Sparkling Water, kavalo wamkazi. Mu 2017 Candice Bass-Robinson anakhala mayi woyamba kuphunzitsa wopambana, Marinaresco. Do It Again anapambana zaka ziwiri zotsatizana, 2018 ndi 2019. Kommetdieding uja anagulidwa pa R55,000 yokha, pa masewera amene ana a akavalo ena amagulidwa mamiliyoni.

Nthawi ya mpikisano waukulu tikaime pati?

Tulukani m'tenti kudakali ola lathunthu. Kubetcha muthane nako msanga, chifukwa mizere ya pazenera imatalika ndipo foni imavuta kugwira anthu akachuluka. Pezani malo pansanja kapena pampanda moyang'anizana ndi chigawo chomalizira. Akavalo akapita tsidya lina amachepa m'maso, popeza pakati pa bwaloli pali bwalo la gofu la Royal Durban, ndiye pamenepo tsatirani pa kanema wamkulu. Akamakhota komaliza, phokoso la khamu limayambira kutali n'kumabwera nawo limodzi, ndipo amene ali pampanda amamva ziboda pansi pa mapazi ake. Foni ilowe m'thumba. Zithunzi zabwino mudzazipeza mawa lake.

Kavalo wathu waluza. Tikiti titaye?

Dikirani mpaka alengeze kuti zotsatira zatsimikizika. Wokwera kapena oyang'anira angathe kudandaula kuti wina anapinga mnzake. Mu 2014 Wylie Hall ndi amene anadutsa mzere koyamba, koma dandaulo litamvedwa chipambano chinapita kwa Legislate. Amene anang'amba matikiti msanga anatolera zidutswa.

Za chitetezo bwanji?

Opisa m'thumba nawonso amatchena. Foni isakhale m'thumba lakumbuyo, chikwama chikhale kutsogolo, chakumwa chisasiyidwe chokha patebulo. Mukangolowa, gwirizanani malo ndi nthawi yokumanirana wina akasowa. Lamulo la gulu likhale loti palibe wochoka yekha, ndipo wopita ndi anthu atsopano anene kumene akupita. Wopambana ndalama zambiri asaziwerengere pagulu.

Potuluka, Uber ndi Bolt zimakwera mtengo ndipo misewu yozungulira bwalo imapanikizana. Yang'anani nambala ya galimoto musanakwere. Amene wamwa asagwire chiwongolero: malire a lamulo ndi magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo mabotolo awiri angathe kukupyoletsani. Womangidwa Loweruka usiku angathe kudikira khoti mpaka Lolemba.

Maphwando a usiku ndi okakamiza?

Ayi. Alipo pa Florida Road, ku Umhlanga ndi ku Umlazi, ndipo ambiri amalipiritsa pakhomo padera. Ndalama zambiri za ulendowu zimathera kumeneko, osati pa akavalo. Gulu ligawike mwamtendere: ofuna kuvina apite, otopa akagone, makiyi akhale awiri.

Lamlungu tichite chiyani?

Idyani bunny chow, buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo nyama kapena nyemba za kale wa tsabola, chakudya cha Durban chenicheni. Yendani m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku uShaka kulowera ku bwalo la Moses Mabhida. Madzi a kumeneko amasambika ngakhale mu Julaye. Msungichuma awerenge zonse pamaso pa gulu musanakwere galimoto, wobweza abweze, wolandira alandire. Msewu wa N3 umadzaza kuyambira masana, choncho pofika 10 koloko mukhale mutanyamuka. Woyendetsa Lamlungu mumusankhiretu musanachoke kwanu, ndipo ameneyo Loweruka agone msanga.